Consolata Wadzuka Pang'ono

Lachiwiri lina m'mawa Consolata anagwa ndi beseni la mandasi pakati pa kanjira ka ku Zandspruit, ku Joni, ndipo anthu anayamba kutola mandasiwo asanatole mwini wake. Musawaweruze msanga. Mandasi ankachita kuoneka kuti agwa, pomwe mayiyo ankangooneka ngati wakhala pansi mwadala, miyendo atapinda, chipumi atagunditsa pa dothi.

Sanapunthwe. Chimene chinamugwetsa chinali m'mimba mwake momwe, m'munsi mwa mchombo cha kumanzere, ndipo chinali chitamudya zaka zisanu. Chikadzuka chinkamupotokola m'kati monga mmene mayi amafinyira chitenje chonyowa, kenaka n'kutsetserekera m'ntchafu mpaka mwendo wonse kuuma gwa. Akakhala kumwezi ndiye zinkachita kunyanya. Ankasanza ndulu, ankapita kuchimbudzi chokwawa, ankadziluma dzanja kuti anthu a m'zisakasa zoyandikana asamve, popeza malata a ku Zandspruit sasunga chinsinsi. Dzanja lake lamanzere linali ndi zipsera za mano ake omwe, zatsopano pamwamba pa zakale.

Amene anamudzutsa anali Busi, mayi wa chisakasa choyang'anana ndi chawo, yemwe ankalondera pa mashopu a ku Honeydew. Busi anabadwira ku Alexandra. Agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu kudzakumba m'migodi ndipo sanabwererenso, koma anamusiyira Chichewa chopindika, chothira Chizulu, chokwanira kukalipira nacho anthu. Anakalipira otola mandasi aja mpaka ena anabweza, kenaka anamugwira Consolata m'khwapa n'kumukhazika pa kreti yopanda mabotolo.

"Sisi Consolata, hayi, izi si zoseweretsa," anatero Busi akumupukuta dothi pachipumi. "Mupite ku kiliniki."

"Ndinapitako, asisi."

"Kangati?"

"Kakhumi ndi kamodzi."

"Ndiye amati chiyani?"

"Amandipatsa panado."

Busi anatukwana m'Chizulu, mawu amene Consolata sanawamve koma anagwirizana nawo.

Maulendo khumi ndi limodzi onsewo Consolata sanapite yekha. Ankapita ndi mwamuna wake, Elia, amene ankasakaniza simenti pa ntchito zomanga ndipo anali atakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi. Lilime lake linali litapsa pa Chizulu ndi Chingerezi chomwe. Consolata anamutsatira pambuyo pake kuchokera ku Thyolo, ndipo moyo wake wonse wa ku Joni unkathera pakati pa Amalawi anzake okonda mandasi, moti Chizulu ankachimva mwa apo ndi apo. Elia sanali chilombo cha tsiku ndi tsiku. Kutchalitchi sankajomba, ndipo akaona kuti mkazi wake wafooka ankamutungira madzi kumpopi, bola anzake asamuone. Koma anali ndi chikhulupiriro chimodzi cholimba kuposa simenti yakeyo, chakuti matenda osaoneka, akakhala mwa mkazi, ndi ulesi chabe.

Panalinso chifukwa china chimene Elia ankalankhulira m'malo mwake. Pa geti la kiliniki masiku ena pankaima anthu odzilemba okha ntchito yofunsa ziphaso. Ulendo woyamba weniweni, Consolata anaona ndi maso ake mayi wina wa ku Mozambique akumukoka tsitsi kumuchotsa pamzere, mwana ali kumbuyo, mlandu wake uli wakuti anafunsa nthawi m'chilankhulo cholakwika. Anamukankhira pa mpanda wa waya mpaka mlomo unang'ambika, ndipo mzere wonse unayang'ana nsapato zake. Elia anamutsina Consolata pantchafu.

"Ukatsegula pakamwa pako tifera pano," ananong'ona. "Wolankhula ndine."

Choncho m'chipinda cha nesi zinkayenda mofanana ulendo uliwonse. Nesi ankafunsa osadzutsa mutu. Elia ankatembenukira kwa mkazi wake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akuti uli bwanji?" Ndipo Consolata ankayankha mmene munthu woleredwa amayankhira.

"Pang'ono."

Tsono ife kwathu mawu amenewa timawadziwa kulemera kwake. Munthu akakufunsa kuti mwadzuka bwanji iwe n'kuyankha kuti pang'ono, wofunsayo amatula khasu. Amakhala pansi, amafunsa chimene chavuta, masana amabweranso kudzakuona ndi kaphala m'mbale. Munthu wamkulu sachita kulengeza kuti ndikufa. Amangoti pang'ono, ndipo mudzi wonse umamva kuti zinthu zathina. Mayi ake a Consolata ananena kuti adzuka pang'ono Lachinayi, Loweruka anthu anali kumanda.

Elia ankatembenukira kwa nesi uja n'kunena kuti, "Uthi kancane, sister." Consolata ankadziwa kuti kancane ndiye pang'ono wa Chizulu, ndipo mtima wake unkakhala pansi poganiza kuti uthenga wafika. Nesi ankalemba kamawu kamodzi pa khadi n'kukankha kapaketi ka panado. Tsiku lina anawonjezera kuti akazi onse amamva choncho. Tsiku lina anati akadzabereka zidzatha, osadziwa kuti akuponda pabala, poti Consolata anali atapita padera kawiri ndipo kwawo kwa Elia anali atayamba kale kumunena. Tsiku linanso anati achepetse kuganiza. Chimene Consolata ankafuna chinali chimodzi, kalata yopitira ku chipatala chachikulu kumene kuli makina ounikira m'mimba, kuti wina aone chimene chikumudyacho. Kalatayo sinatuluke, ndipo pa maulendo onsewo panalibe amene anamugwirapo pamimba.

Mwezi wa June, kukuzizira, Elia anabinya msana ponyamula thumba la simenti. Anzake awiri anabwera naye atamunyamula, iye akubuula ngati ng'ombe yomangidwa miyendo. M'mawa mwake anapita ku kiliniki yomweyo, kwa nesi yemweyo, Consolata ali pambuyo atanyamula nsapato za mwamuna wake. Elia sanadikire kufunsidwa, anangoyamba kudandaula kuti zikumuwawa kwambiri, akufa.

"Too much, sister. Kubuhlungu kakhulu. Ngiyafa."

Nesi uja, amene Consolata ankangomudziwa paliwombo pokha, anadzutsa mutu. Anamugoneka Elia pabedi, anamupapasa msana fupa ndi fupa, anamubaya jakisoni, ndipo asanavale n'komwe malaya kalata inali italembedwa kale. Ku chipatala chachikulu anamujambula, anapeza kuti palibe chathyoka, komabe anamupatsa bokosi la makapisozi amphamvu, obiriwira mbali ina achikasu mbali ina. Patatha masiku anayi bamboyo anali pa bawo kuseri kwa shopu ya Msomali, akuseka mpaka kuwerama ndi msana womwewo.

Consolata anaziona zonsezi koma sanazimvetse. Anangoganiza kuti mwina msana ndi wofunika kuposa mimba, popeza umanyamula simenti. Nsanje yokha ndiye anaimva, ndipo anachita nayo manyazi, chifukwa mkazi wabwino sachitira nsanje matenda a mwamuna wake.

Makapisozi otsala Elia anawaika m'kachitini pamwamba pa chitseko, akuti adzamuthandiza msana ukadzabwerera. Tsiku lina masana, chinthu chija chitamugwetsa pakati pa bedi ndi chitofu, Consolata anakwawa, anadzikoka ndi felemu ya chitseko, n'kumwa limodzi. Patapita kanthawi anazindikira kuti wamvetsera nyimbo ya pa wailesi ya Busi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anawongola mwendo. Anaimirira osagwira khoma. Anachapa, anasesa, kenaka anakhala pabedi n'kulira kwambiri, chifukwa anali ataiwala kuti thupi la munthu limatha kukhala chete, ndipo zinamuwawa kudziwa kuti kukhala chete kumeneku kunalipo nthawi yonseyi m'kabati ya kuchipatala. Analonjeza Mulungu kuti satenganso. Mwezi usanathe kachitini kanali mbee.

Zinaululika Loweruka m'mawa. Elia ankapita kukathira silabu ku Cosmo City, ndipo pomanga nsapato anamva msana kulasa. Anaimirira pakhomo, loko wa chitseko ali m'manja, n'kupisa dzanja lina m'kachitini muja. Consolata anali atagwada akukanda ufa wa mandasi.

"Mankhwala anga ali kuti?"

"Ndinamwa, abambo."

"Onse?"

"Limodzilimodzi. Masiku amene zimandivuta aja."

"Masiku ako a mwezi ndi mwezi aja? Amene akazi onse amadutsamo akulima, akusenza nkhuni?" Elia anaponya kachitini pansi. "Pa bokosi paja analemba dzina la ndani? Ine ndimadwala zenizeni, zochita kujambula. Iwe ndajomba ntchito kangati kukuperekeza? Anakupeza ndi chiyani?"

Akanakhala chete mwina zikanathera pa mawu. Koma usiku wonse wa dzulo lake chinthu chija chinali chisanamusiye, ndipo munthu wosagona amataya ulemu.

"Inunso anakujambulani osapeza kanthu," anatero.

Loko uja anamupeza pamwamba pa diso lamanja. Anamva kulira kwa chitsulo pa fupa asanamve kuwawa. Anagwera pa beseni, ufa wokanda n'kumwazikira pansi, ndipo magazi anatsika mofulumira mpaka diso linatsekeka. Elia anamugwira tsitsi, anamudzutsa, anamuwomba mbama ziwiri, yachiwiri ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kumukankhira kukhoma mpaka chisakasa chonse chinalira. Atagwanso, anamuponda pamimba ndi nsapato yake ya kuntchito, ya chitsulo kutsogolo, cha kumanzere, pamalo penipeni amene anali atamva mkazi wake akuwatchula kwa zaka zisanu. Pamenepo sanaphonye. Consolata anaona mdima, anapinda thupi, analowetsa dzanja m'kamwa n'kuluma. Mawu sanatuluke.

Chimene Busi anamva chinali malata. Analowa atavala yunifolomu theka, ndodo yake ya ulonda ili m'manja, ndipo sanafunse mafunso. Yoyamba inatera pa dzanja logwira loko, yachiwiri paphewa, yachitatu pamsana, pa fupa lomwe lija la ku kiliniki. Elia anakuwa. Anakuwa mpaka agalu a kumsewu waukulu anayankha, amayi a kumpopi anasiya zigubu zikusefukira.

"Phuma, nja, tuluka galu iwe," anatero Busi akupuma mwamphamvu. "Ukabwerera ndikuthyola chenicheni, akajambule bwino."

Elia anatuluka chokwawa, kenaka anapeza miyendo n'kuthawa. Bambo wina wogulitsa nkhuku anavomera kuwanyamula pa kabakki kake, kagalimoto kotsegula kumbuyo, ndipo Consolata anafika ku chipatala chachikulu atagona pakati pa makreti a nkhuku, thawulo la Busi lili pankhope, chikwama chake cha m'manja atachikumbatira chifukwa mayi wa kwathu sapita kuchipatala wopanda khadi.

Pakhomo la odwala mwadzidzidzi palibe amene anafunsa kalata. Mlonda ataona thawulo lofiira anatsegula yekha chitseko, wina anabwera ndi njinga ya odwala. Khomo limene Consolata analilota kwa zaka zisanu analilowa m'mphindi ziwiri, akudontheza magazi pa matailosi. M'katimo munali Loweruka la ku Joni lenileni: wina wobayidwa ndi botolo, wina wogundidwa ndi takisi, wina atagwira nsagwada ndi manja awiri. Nesi wolandira anthu anayang'ana balalo, anaikapo thonje, n'kufunsa funso kwa Busi.

"Akufunsa kuti mukumva bwanji, sisi."

"Pang'ono," anatero Consolata.

Busi anatsegula pakamwa kuti amasulire, kenaka anaima. Anayang'ana thonje limene linali litafiira kale, anayang'ana mayi wopindika pa njinga ngati akubisa kanthu pamimba, milomo itayera.

"Pang'ono? Sisi, nkhope yang'ambika, mukunjenjemera, ndiye mukuti pang'ono?"

"Eya. Ndiye kuti sindili bwino."

"Pang'ono ndiye kuti simuli bwino?"

"Nanga munthu anganene bwanji? Agogo anu sankatero?"

Busi anatembenuka. Anauza nesi uja mawu ena ataliatali, nesi n'kumata kapepala kachikasu pa fayilo n'kuwalozera benchi. Atakhala, Busi anatambasula dzanja.

"Ndione khadi la ku kiliniki."

Consolata analitulutsa m'chikwama, lokutidwa bwino m'pepala la pulasitiki. Busi anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, akutembenuza. Pa tsiku lililonse panali kamawu kamodzimodzi ka Chingerezi, ka zilembo zinayi, kolembedwa mothamanga.

"Apa alemba mild. Apa mild. Apanso mild. Mukudziwa tanthauzo lake? Ndiye kuti kakuwawa kakang'ono, kosadetsa nkhawa. Bhuti Elia, amuna anuwo, amawauza chiyani anesi?"

"Amati kancane."

"Eish, sisi. Kancane ndi kancane basi. Ndi mchere wotsina ndi zala ziwiri. Kuno munthu akati kancane ndiye kuti akhoza kukwera takisi n'kupita kuntchito."

Consolata analandira khadi lija n'kuliyang'ana ndi diso limodzi limene linkaona. Zaka zisanu anakhala akulisunga ngati umboni wa matenda ake, osadziwa kuti linkamuchitira umboni wakuti ali bwino. Kenaka anakumbukira nsapato zimene ananyamula mu June, ndi mawu a mwini nsapatozo. Elia anabadwira ku Thyolo ngati iye. Pang'ono wa kwathu ankamudziwa, ndipo pa maliro a apongozi ake, mayi a Consolata aja, analirapo. Kancane wa kuno ankamudziwanso, apo ayi akanamugwiritsa ntchito pa msana wake. Kaya ankachita dala, kaya ankangofuna kuti atuluke msanga akapeze ntchito isanayambe, kaya ankachita manyazi kutchula za kumwezi pamaso pa nesi, Consolata sanathe kudziwa. Anapeza kuti sizinkasiyana. Mkwiyo unamukwera kuchokera pamimba pomwepo, wotentha, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaupemphere kuti uchoke.

"Koma inunso, bwanji osakuwa?" anafunsa Busi, mawu ake atafewa.

"Anatilangiza kuti mkazi sakuwa. Kuchinamwali anati ukakuwa, ngakhale pobereka, wachititsa manyazi mayi ako."

"Nanga amuna anawalangiza chiyani? Mwamumva mwamuna wanu lero?"

Anawaitana dzuwa litapendeka. Dokotala anali mwamuna wamng'ono thupi, wa maso ofiira ndi kutopa, ndipo sanali wankhanza. Anamugoneka Consolata pa kabedi kuseri kwa katani, anachotsa thonje, anatsuka bala, anamuwalitsa tochi m'maso, n'kuyamba kukonza singano ndi ulusi pa kathebulo ka matayala. Busi anayamba kufotokoza m'Chingerezi. Anatchula zaka zisanu, anatchula kusanza ndi kugwa pamsewu, anaonetsa khadi. Za kupondedwa pamimba sananene, chifukwa analowa m'nyumba muja zitachitika kale ndipo Consolata sanamuuze. Dokotala anamvetsera akuvala magolovesi, anagwedeza mutu mwachifundo, n'kuyankha mwachidule. Pa mawu ake onse Consolata anatolapo awiri, kiliniki ndi Mande.

"Akuti kuno ndi kwa zadzidzidzi," anatero Busi, nkhope itagwa. "Akuti za m'mimba ndi zakale, mukayambire ku kiliniki Lolemba, akakupatseni kalata. Lero asoka bala lokha."

Dokotala anawerama ndi jakisoni wochititsa dzanzi. Consolata anaona zonse zimene zikubwera: ulusi, bandeji, kapaketi ka panado, geti, mzere, paliwombo pa nesi uja. Anazindikira kuti chimene chamulowetsa m'nyumba imeneyi ndi bala, ndipo bala likatsekedwa iyenso atsekeredwa kunja.

Anakankha dzanja la dokotala mpaka jakisoni anagwa pansi.

"Muuzeni asasoke."

"Sisi..."

"Muuzeni asasoke. Akasoka andithamangitsa."

Dokotala anatola jakisoni wina, akulankhula mofatsa ngati akunyengerera mwana. Consolata anakweza dzanja lake lamanzere, la zipsera lija, analowetsa zala ziwiri m'bala n'kukoka. Mnofu unatseguka kufika kufupi ndi khutu. Magazi anathamanga pakhosi, pa pilo, pa malaya oyera a dokotala. Busi anamugwira mkono, iye n'kumugwaza ndi chigongono. Anaponda kathebulo ka matayala, mbale zachitsulo ndi masizasi n'kumwazika pansi ndi phokoso limene linaletsa chipinda chonse kulankhula. Anesi awiri anathamangira kuseri kwa katani, wina akuitana mlonda, wina atamugwira miyendo. Asanamupanikize, Consolata anagwira dzanja la dokotala ndi manja ake onse awiri, manja okanda ufa tsiku ndi tsiku, analikokera pansi pa bulauzi, analiika m'munsi mwa mchombo cha kumanzere, n'kulidinikiza yekha ndi mphamvu zake zonse.

Ndipo anakuwa. Analibe luso lake, moti mawu oyamba anatuluka osweka, ngati chitseko cha dzimbiri. Otsatira anatuluka athunthu. Anakuwa mpaka wobayidwa ndi botolo uja anasiya kubuula, mpaka kukhosi kunamva magazi, ndipo atapuma anakuwanso. Munalibe Chichewa kapena Chizulu m'kukuwako, ndipo panalibe amene anafunsa Busi kuti akuti chiyani.

Mlonda anafika n'kugwira katani, koma dokotala anamuimitsa ndi dzanja linalo. Dzanja limene linali pamimba sanalichotse. Nkhope yake inasintha. Anapapasa pang'onopang'ono, anabwereza, kenaka anakweza bulauzi n'kuona chidindo cha nsapato, chakuda, mizere yake ikuoneka bwinobwino. Anafunsa funso lalifupi.

"Akuti wakupondani ndani," anatero Busi, nayenso akuona chidindocho koyamba.

"Mwamuna wanga."

Apa zinthu zinathamanga. Kupondedwa pamimba kunali m'gulu la zadzidzidzi. Anamumanga bandeji yothina pamutu, anamuika diripi, anamubaya mankhwala amene anachititsa denga kuyandama, n'kumukankha m'makonde ataliatali mpaka m'chipinda cha mdima. Kumeneko anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo, ndipo pa kanema panaoneka mitambo yotuwa imene Consolata sanaimvetse. Wojambulayo anayamba akucheza ndi mnzake, kenaka anasiya kucheza. Anaitana dokotala uja, dokotala anaimba foni, ndipo onse anayang'ana kanemayo nthawi yaitali.

Atamubwezera kuseri kwa katani, dokotala anakoka mpando n'kukhala pansi. Consolata anaona zimenezo ndipo anadziwa kuti nkhani ndi yaikulu. Analankhula pang'onopang'ono, akumupatsa Busi mpata womasulira.

"Akuti nsapato sinawononge kwambiri," anayamba Busi. "Koma kumbuyo kwake apeza chotupa. Chachikulu, ngati papaya laling'ono. Chamatirira ku chiberekero ndi kumatumbo, ndipo mbali ina chayamba kutaya magazi m'kati. Akuti mulowa ku opaleshoni lero lomwe."

Consolata anatseka diso. Chinthu choyamba chimene anamva chinali chimwemwe, chimwemwe chonyansa, chakuti chilipo, chili ndi kukula kwake, anthu atatu achiona. Sanali waulesi. Sanali woganiza kwambiri.

Dokotala anapitiriza, ndipo Busi anachedwa kumasulira.

"Nenani, asisi."

"Akuti mmene chamatirira, sakulonjeza kuti chiberekero achisiya. Akuti chikanaoneka kale, chili chaching'ono, mwina akanachotsa chotupa chokha."

Consolata anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Pansi pa sutikesi yake ku Zandspruit panali kashawelo koyera ka khanda kamene anagula ku Limbe asanakwere basi ya ku Joni. Sanalire. Anangomva ngati wina watsegula chitseko m'chifuwa mwake n'kusiya mphepo ya June ikulowa.

Dokotala anatulutsa fomu yoti asayine. Akufunafuna cholembera m'thumba la malaya ake a magazi aja, anapukusa mutu n'kunena chiganizo china, mwachisoni ndithu, akuyang'ana Consolata. Busi anauma. Anayang'ana dokotala, anayang'ana pansi, ndipo sanamasulire.

"Akuti chiyani?"

"Palibe, sisi. Sayinani."

"Asisi, ndatopa ndi anthu ondichepetsera mawu. Akuti chiyani?"

Busi anadzutsa mutu.

"Akufunsa kuti n'chifukwa chiyani mwachedwa chonchi kubwera kuchipatala."

Consolata analandira cholembera. Anasayina dzina lake lonse pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, dontho la magazi lochokera pansi pa bandeji n'kugwera pambali pa dzinalo. Anabweza fomu n'kuyang'ana dokotala ndi diso lake limodzi.

"Muuzeni kuti ndimadikira kuti wina andimenye."

Busi anamuuza, mawu ndi mawu, osachotsapo kanthu.